Maphompho a mitundumitundu m'mbali mwa nyanja: kuno ku Salima tili nawo kapena tizingowaonera pa zithunzi?

Nankhoma: Moni nonse pagulu pano. Alendo ena akumafunsa ngati kunyanja kuno kuli maphompho a mizeremizere yofiira, yoyera ndi yachikasu, onga amene amawaona pa Facebook kumayiko ena. Anyamata operekeza alendo ku Senga Bay akufuna kulemba zimenezi pa pepala la maulendo awo. Odziwa za miyala tithandizeni. Mitundu imeneyi imachokera kuti? Nanga kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa alipo malo oti tingawatchule choncho popanda kunamiza munthu?

aBanda a Miyala: Zikomo mayi Nankhoma. Ndiyambe ndi mitunduyo. Gwero lake lalikulu ndi chitsulo cha m'nthaka. Chikakumana ndi mpweya ndi madzi chimachita dzimbiri. Dzimbiri louma, limene akatswiri amati hematite, limafiiritsa, ndipo ndi lomwe lili mu katondo. Dzimbiri losunga madzi m'kati mwake, goethite, limapereka chikasu ndi bulauni. Pamene nthaka inakhalitsa m'madzi mpweya osalowa, chitsulo sichichita dzimbiri, ndiye dothi limatuwa kapena kubiriwira pang'ono, monga la pansi pa dambo. Zakuda ndi manganese kapena zomera zowola. Zoyera zili pawiri: dothi la kaolin kapena laimu. Kuzisiyanitsa nkosavuta. Perani kachidutswa kakhale ufa, dontheserani viniga. Laimu amachita thovu, kaolin amangonyowa.

Koma mitundu payokha siipanga phompho. Pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: nthaka yoyalana mosanjikiza, gawo lililonse ndi mtundu wake, malo okwera ofika mpaka pamadzi, ndi mafunde omadya patsinde chaka ndi chaka kuti zogumuka zizichoka, nkhope ya phompho izikhala yatsopano. Chimodzi chikasowa mumangoona mtsetse womera udzu.

Aphunzitsi a ku Linga: Ndiwonjezere zitsanzo kuti anyamatawo adziwe zimene alendo ali nazo m'mutu. Ku Hunstanton, ku England, phompho ndi la mamita pafupifupi 18 ndipo lili ndi magawo atatu: pansi mwala wamchenga wabulauni, pakati choko wofiira, pamwamba choko woyera. Ku Alum Bay, pa chilumba cha Isle of Wight, amawerenga mitundu 21 ya mchenga, ndipo magawo ake anaimirira chilili chifukwa nthaka inapindika itayalana kale. Ku Varkala, ku India, pamwamba pali lubwe lofiira, pansi pake mchenga ndi dongo. Kuno ku Africa kuli Miradouro da Lua, makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa Luanda ku Angola, kumene mvula ndi mphepo zinasema nthaka yofiira ndi yoyera moyang'anana ndi nyanja yamchere.

Gama wa ku Chipoka: Aphunzitsi, zonsezi ndi za nyanja yamchere imene imadzaza nkuphwera tsiku ndi tsiku. Yathuyi siitero. Ndiye nkhaniyi yatha isanayambe, si choncho?

Aphunzitsi a ku Linga: Ayi achimwene. Ku America kuli Pictured Rocks, m'mbali mwa Lake Superior, nyanja ya madzi opanda mchere. Maphompho ake ndi a mwala wamchenga, amafika mamita 60 ndipo anatambalala makilomita 24. Boma la kumeneko linawateteza mu 1966. Mitundu yake yambiri siili m'mwala weniweniwo. Madzi a pansi pa nthaka amatuluka m'ming'alu nkumatsika pankhope ya thanthwe, ndiye amasiya chitsulo chofiira, manganese wakuda ndi kopa wobiriwira. Mizere yake imatsika kuchokera pamwamba, pamene ya ku Hunstanton inagona chopingasa. Mafunde a mphepo okha amakwanira kusema phompho. Mwera wathuyu si wochepa mphamvu.

aBanda a Miyala: Vuto lathu si mafunde, ndi kakhalidwe ka chigwa cha nyanjayi. Nthaka inang'ambika nkutitimira, koma siinatitimire mofanana mbali zonse. Zili ngati bwato lopendekera: mbali imodzi yamira, inayo yangotsetsereka pang'onopang'ono. Kumpoto kwenikweni mbali yomira ili ku Tanzania, kumene mapiri a Livingstone amagwera m'madzi. Cha ku Usisya mbali yomira ili kwathu kuno, ndipo kumeneko nyanja imazama mamita pafupifupi 700, mapiri nkuima njo pagombe. Ife a Salima ndi Nkhotakota tili pa chidikha. Mitsinje ya Linthipe, Lifidzi, Lingadzi, Bua ndi Dwangwa yakhala ikuthira mchenga ndi matope, nchifukwa chake tili ndi magombe aatali a mchenga, madambo a mpunga ndi thamanda la Chia. Mtsetse waukulu uli kumtunda, kumene msewu wopita ku Lilongwe umayamba kukwera. Ming'alu ija siinagone ayi. Chivomezi cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9 kuno ku Salima, ndipo mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wa makilomita pafupifupi 100, umaonekera pamtunda kumwera kwathuku. Komabe phompho lalitali la mizeremizere loima pamadzi, longa la ku Alum Bay, kuno kulibe.

Gama wa ku Chipoka: Malonda ndi pakamwa akulu. Tingolemba kuti maphompho okongola a ku Senga, mlendo akafika adzaona yekha zimene zilipo.

Nankhoma: Ayi a Gama. Mlendo wa masiku ano akakhumudwa amalemba pa intaneti asanatsike nkomwe m'boti, ndipo amene amavulala ndi anyamata onse a pagombe, osati wonama yekhayo. Tiuzeni zimene zilipodi.

Che Saidi wa Boti: Zilipo mayi, koma ndi matanthwe, osati dothi. Mapiri a Senga amafika pamadzi ndi miyala ikuluikulu yobulungira. Chilumba cha Namalenje komanso zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga nazonso ndi za miyala yomweyo. Mukaiyandikira mtundu wake si umodzi. Pamwamba pena pamayera mbuu ndi zitosi za mphipi. Pali mizere yakuda yotsika kumene madzi a mvula amadutsa, ndere zachikasu ndi zotuwa, ndipo pafupi ndi madzi pali mikwingwirima yopingasa yoonetsa pamene nyanja inafika zaka zosiyanasiyana. Ng'anzi zimaothera dzuwa pomwepo, nkhwazi m'mitengo, mbuna pansi pake.

Nthawi yopitira ndiyo nkhani. Gombe lathu linayang'ana kum'mawa, ndiye miyala yoyang'ana kunyanja imawala bwino kuyambira 6 koloko mpaka 9 m'mawa. Masana dzuwa lili pamutu mitundu imafwifwa, madzulo mbali imeneyo ili mumthunzi. Amene akufuna chithunzi cha madzulo muzungulire naye kumadzulo kwa chilumba. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuli mwera, ndipo ukayamba umatha masiku. A zanyengo akachenjeza, boti lisatuluke ngakhale mlendo walipira kale. Miyezi ya Seputembala mpaka Novembala ndiyo yabwino: madzi aphwera, mikwingwirima yambiri ili poyera, madzi nawonso ayera. Nthawi ya dzinja mpoto amabwera mwadzidzidzi, ndipo Linthipe amadetsa madzi mtunda wautali.

Poyandikira miyala chepetsani injini kutali, munthu mmodzi akhale kutsogolo akuyang'ana pansi, chifukwa yomira ndi yambiri kuposa yoonekera ndipo pulopela ikagunda ulendo wathera pomwepo. Musaime kumbali imene mafunde akumenya. Funde likagunda thanthwe limabwerera nkukumana ndi linzake, boti limavina mbali zonse. Aliyense avale jekete yoyandamitsa asanakwere, osati kuikhalira. Potsika pamwala pewani pobiriwira ndi pakuda ponyowa, mpoterera. Nsapato za labala zomanga kumbuyo, osati masilipasi.

aBanda a Miyala: Che Saidi afotokoza bwino. Ndiwapatse anyamatawo zoti azinena akafika pamwalapo. Miyala imeneyi ndi ya mtundu wa granite, inazizira pansi pa nthaka zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, kalekale nyanja isanakhalepo. Ili ndi zinthu zitatu zooneka ndi maso: timibulu totuwa tonga galasi ndi quartz, mwala womwe uja timati nsangalabwi, tofiirira kapena toyera ndi feldspar, tonyezimira topyapyala ndi mica. Mizere yoyera yodutsa m'thanthwe ndi quartz amene anadzaza ming'alu pambuyo pake. Mizere yakuda yotsika si mwala, ndi tizomera tosaoneka ndi maso tokhala pamene pamanyowa. Kubulungira kwake nchifukwa choti mwala unasweka m'mabokosi, ndipo madzi amadya m'makona msanga kuposa pakati, kenako khungu lakunja limasendeka.

Za mica zija chenjerani, anthu amazitenga ngati golide. Bayani ndi singano: mica imagawanika timapepala, golide amangobonyoka osasweka.

Aphunzitsi a ku Linga: Mikwingwirima ya madzi ija ndiyo nkhani yokoma kuposa zonse, ine ndikanaiika patsogolo. Nyanjayi imakhala pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chaka chilichonse imakwera nkutsika pafupifupi mita imodzi, kukwera kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, kutsikitsitsa cha mu Novembala ndi Disembala. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika moti Shire analeka kutuluka. Mu 1980 inadutsa mamita 477. Mu 2024 inadutsanso 476, malo ogona alendo ambiri nkulowa madzi. Mlendo akamva zimenezi ali pamwala akuona mizereyo ndi maso ake, safunsanso za England.

Gama wa ku Chipoka: Chabwino, ndagonja pa za maphompho. Nanga mchenga wakuda ndi wofiirira wa kwathu kuno? Pena pagombe pamakhala mizere ngati munthu wathira makala.

aBanda a Miyala: Umenewo ndi mchenga wolemera. Wakuda ndi ilmenite ndi magnetite, wofiirira ndi garnet, ndipo muli rutile ndi zircon pang'ono. Chipoka imadziwika nawo, monganso Makanjira ku Mangochi. Mafunde amakokolola quartz wopepuka nkusiya wolemerawo, nchifukwa chake mizere imaoneka kwambiri mwera ukangodutsa. Kumbani ndi fosholo masentimita 40 kapena 50 pamwamba pang'ono pa pofika mafunde, dulani khoma limodzi mowongoka, mudzaona magawo akuda ndi oyera osanjikizana. Ndi mmene magawo a ena mwa maphompho aakulu aja anayambira. Kuti mlendo asangalale tengani maginito ya mu sipika yakale, ikulungeni m'pulasitiki, iyendetseni pa mchenga wouma. Magnetite amadumphira, ilmenite amakokeka mofooka, garnet amatsala. Pulasitikiyo ndi yoti muchotse mosavuta. Mukaiwala, maginito simudzaiyeretsanso. Mukamaliza kwirirani dzenjelo.

Naphiri wa Zachilengedwe: Ndilowepo pa mbali ya dothi. Timaphompho ta mamita 2 mpaka 5 tilipo m'makona a mitsinje, m'zigwembe ndi pena pagombe pamene nyanja inadya mu 2024. Timaonetsa katondo pamwamba, chikasu pakati, dongo lotuwa pansi, ndipo mbalame za fulagombe zimaboolamo zisa. Ntokongola ndithu, koma ntoopsa kuposa matanthwe. Timagwa m'njira ziwiri. Yoyamba, madzi amakumba mphako patsinde, chapamwamba nkutsala lende mpaka kuthyoka. Yachiwiri ndi ya mvula: madzi amalowa mumchenga, akafika pa dongo amalephera kupitirira, ndiye amayenda chopingasa nkutulukira pankhope. Malire a mchenga ndi dongo amaterera, chigawo chonse nkutsetsereka. Zimenezi zimachitika ngakhale patapita masiku mvula itakata, kunja kuli ngwee.

Zizindikiro zake: mng'alu pamwamba woyenda motsatira m'mphepete, mitengo yopendekera kumadzi, mizu yolendewera, madzi odontha pamalire a magawo, ndi zibuma zatsopano patsinde. Alendo aime patali ndi tsinde mtunda wosachepera kutalika kwa phompholo, ndipo pamwamba asafike m'mphepete, chifukwa pansi pake pangakhale mphako imene iwo sakuiona. Kumathiriro a Linthipe ndi Bua kuli ng'ona. Funsani asodzi a pamalopo musanatsitse munthu.

Nachisale: Ndiye tingodzalapo vetiva kuti pasagwe, tizikhala ndi malo okhazikika oonetsa alendo.

aBanda a Miyala: Apa mpamene pali mfundo yovuta, achemwali. Phompho limaoneka mitundu chifukwa choti likugwa. Pamene pagumuka dzulo ndi pamene pali powala kwambiri, ndipo ndi pomwepo poopsa. Mukaletsa mafunde ndi khoma la miyala, zogumuka zimaunjikana patsinde, mtsetse umagona mpaka kufika pa madigiri pafupifupi 34 amene mchenga wouma umakhazikikapo, udzu umamera, pakatha mvula ziwiri kapena zitatu mitundu yabisika. Komanso khoma limakankhira mphamvu ya mafunde kwa mnansi wanu, gombe lake nkumadyeka msanga. Musankhe: pamene pali nyumba, munda kapena manda, tetezani ndipo muiwale za mitundu. Pamene palibe kanthu, lisiyeni lizigwa, anthu azionera patali.

Naphiri wa Zachilengedwe: Ndikugwirizana nazo, koma vetiva asatayidwe. Malo ake ndi kumtunda, osati pankhope. Dzalani mizere iwiri motsatira akalozera, mamita 5 kapena kuposa kuchokera m'mphepete, mapesi motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kumayambiriro kwa mvula. Ntchito yake ndi kuchedwetsa madzi othamanga kuti asakumbe chigwembe chodula phompho pakati. Mizu yake imatsika mpaka mamita 3. Njira ya anthu idutse kuseri kwa vetivayo. Chimene chimalephereka kawirikawiri nkudzala motalikirana kwambiri: madzi amapeza mpata, nkukumba pomwepo moposa kale. Mbuzi nazonso zimazula mapesi asanagwire.

Ndipo musanamange kanthu, ngakhale kachisakasa koonerapo, yezani liwiro limene gombe likudyekera. Khomani zikhomo ziwiri zachitsulo mumzere umodzi, china mamita 10, china mamita 20 kuchokera m'mphepete. Yezani ndi tepi kawiri pachaka, mu Meyi madzi atakwera ndi mu Seputembala mwera utatha, nkulemba m'kope. Chachiwiricho nchoti choyamba chikagwa kapena kuzulidwa ndi ana muyambire pamenepo. Chaka chimodzi sichikuuzani zoona, chifukwa phompho limatha kukhala zaka zitatu osasuntha kenako nkutaya mamita angapo usiku umodzi. Kumbukiraninso kuti a bungwe la boma loona za madzi, National Water Resources Authority, amaletsa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa nyanja yamchere.

Aphunzitsi a ku Linga: Kutalika kwa phompho mungayeze ndi kamtengo. Kakhale kofanana ndi mtunda wochokera padiso lanu kufika pachikhatho mkono mutatambasula. Kagwireni chilili, bwererani m'mbuyo mpaka nsonga yake ilingane ndi pamwamba pa phompho, tsinde lake ndi tsinde la phompho. Kuchokera pamene mwaima kufika patsinde, ndiko kutalika kwake.

Che Saidi wa Boti: Aphunzitsi, pagombe mukabwerera m'mbuyo mulowa m'madzi, ng'ona za mayi Naphiri zikudikira.

Aphunzitsi a ku Linga: Haha, zoona Che Saidi. Pamenepo tsamiritsani nsungwi ya mamita 2 pambali polimba, jambulani muli patali m'boti, kenako werengani pa chithunzi kuti nsungwiyo ikulowa kangati. Mukajambula pafupi kamera imapotoza, yankho limachepa.

Nachisale: Funso langa ndi la malonda. Ku Alum Bay kuja amagulitsa mchenga wamitundu m'timabotolo. Amayi a ziboliboli ndi mikanda kuno sangachite zomwezo?

Aphunzitsi a ku Linga: Amagulitsadi, ndipo mwambowu unayamba m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Koma lero mlendo saloledwa kukwera kapena kukumba phompho lenilenilo. Ku Aquinnah, pa chilumba cha Martha's Vineyard ku America, kutapa dongo la pa maphompho nkoletsedwanso, ndipo malowo ndi opatulika kwa anthu a mtundu wa Wampanoag. Munthu mmodzi kutapa dzanja limodzi si kanthu, koma anthu zikwi amakumba mphako imene mafunde akanaikumba zaka zambiri.

Nankhoma: Kapangidwe kake nkotere, kwa amene ali ndi dothi la pamalo pake. Yanikani mtundu uliwonse padera masiku awiri kapena atatu padzuwa. Sefani ndi sefa imodzi yomweyo kuti timibulu tifanane kukula. Mukasakaniza wosalala ndi wokhakhala, wosalalayo amalowerera pansi mizere nkufufutika. Tsukani mchenga kuti fumbi la dongo lichoke, apo ayi limamata galasi, botolo lonse nkuoneka lotuwa. Thirani ndi fanelo ya pepala, gawo lililonse sentimita imodzi kapena iwiri, ndipo gwiritsani kawaya kukankhira m'mbali ngati mukufuna timapiri. Gogodani botolo pang'onopang'ono, onjezerani mpaka lidzaze thothotho, tsekani ndi phula la kandulo musanaike chivindikiro. Likatsala ndi mpata ngakhale wochepa, pofika ku Lilongwe pa minibasi mitundu yonse yasanduka umodzi. Mchenga wosauma umachita nthunzi m'kati, kenako nkhungu.

aBanda a Miyala: Wina akaganiza zoumitsa pamoto asamale ndi wachikasu. Goethite akatentha kufika madigiri pafupifupi 300 amataya madzi ake nkusanduka hematite, ndiye chikasu chimafiira. Nchimene chimachitikira njerwa mu uvuni. Mungapezerepo mwayi: dothi limodzi, theka lokazinga m'chiwaya theka losakazinga, mitundu iwiri.

Naphiri wa Zachilengedwe: Ziwiri zoti mudziwe musanagule mabotolo. Zilumba za Maleri zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Kumeneko simutola mwala, mchenga kapena chomera, ndipo pamafunika kulipira polowa. Kwina konse, kutapa mchenga wa pagombe kuti mugulitse kumafuna chilolezo. Yambirani kwa amfumu ndi ku khonsolo. Chachiwiri, mayiko ngati America, Australia ndi New Zealand salola munthu kulowa ndi dothi mwachisawawa, poopa tizilombo. Mlendo wa kumeneko akhoza kulandidwa botolo pa bwalo la ndege. Msika weniweni ndi a ku Lilongwe obwera Loweruka ndi ana a sukulu.

Gama wa ku Chipoka: Nanga amene wakakamira kuti akufuna kuona nthaka yosemedwa yofiira, timutumize kuti?

aBanda a Miyala: Ku Machinga kuli zipilala za Malape, kufupi ndi Liwonde, zosemedwa ndi madzi a mvula, ngakhale sizili pa nyanja. Ku Cape Maclear kuli Mwala wa Mphini, umene mizere yake inabwera ndi kuphwanyika kwa mwala, osati dzanja la munthu. Wofuna mapiri ogwera m'madzi apite ku Usisya kapena ku Chiweta. Ku Karonga kuli miyala yamchenga yofiira kumene kunapezeka mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu cha makedzana cha mtundu wa dinosaur, ndipo ku Uraha mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Koma awo ndi maulendo a masiku, si a m'mawa umodzi.

Nankhoma: Ndiye pa pepala tilemba chonchi: ulendo wa m'mawa pa boti kukaona matanthwe a Senga ndi Namalenje ndi mizere ya madzi a nyanja, ndipo wofuna awonjezere mchenga wakuda wa ku Chipoka. Mawu oti maphompho tawachotsa. A Banda, mungatilembere ziganizo zisanu za granite zoti anyamata aloweze? Che Saidi, boti limodzi anthu angati?

Che Saidi wa Boti: Werengani majekete amene alipo, chotsanipo awiri a woyendetsa ndi womuthandiza, otsalawo ndiwo alendo, bola asapitirire nambala imene a Marine, oona za maulendo a panyanja, analembera botilo. Ana akhale ndi majekete a msinkhu wawo, aakulu amavuka mwana akagwera m'madzi. Tinyamuke 6 koloko, pofika 10 tikhale tabwerako.